Mtima wa Wonyamula Machila

Amuna anga oyamba anali onyamula machila. Ndinakwatiwa nawo njanji itangofika kumene ku Limbe, pamene tauniyo inali masitolo owerengeka a amwenye, nyumba za malata za anthu a sitima, ndi matope ofika mu akakolo. Tinkakhala m'tsinde mwa phiri la Mpingwe, pa malo a mzungu wina wolima fodya, mu mzere wa tinyumba ta udzu timene anamangira antchito ake. Dzina lake sitinkalitchula, tinkangoti Bwana. Anali munthu wonenepa, wofiira khosi, wosafuna kukwera bulu chifukwa ati amanunkha. Akafuna kupita ku Blantyre kapena kukayendera minda yake ya kumtunda, ankagona m'machila anthu n'kumusenza.

Ana a masiku ano machila sawadziwa. Inali nsalu yolimba yomangidwa ku nsungwi yaikulu, munthu n'kugonamo ngati khanda. Awiri ankasenza kutsogolo, awiri kumbuyo, ena akuthamanga m'mbali kuti azilandirana. Amuna anga ankawaika kumbuyo, kumene katundu amathawira pokwera phiri, chifukwa anali aatali ndiponso a mapewa otambalala. Khungu la paphewa pawo linali litauma ngati chikopa cha ng'oma. Sanali munthu wolankhulalankhula. Akaweruka ankakhala pakhomo n'kumasema zipande ndi mithiko, ndipo mwana wathu wamkazi, amene anali atangoyamba kukwawa, ankawakwera m'miyendo n'kumatola tiziduswa ta mtengo kuti aike m'kamwa.

Matenda anayamba m'nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba phiri lonse. Poyamba kunali kutsokomola ndi kutentha thupi. Tinakatenga mizu kwa mkulu wina wa Chilomwe, chifuwa chinachepako, koma mphamvu sizinabwerere. Kenaka mapazi anayamba kutupa, ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Kugona chagada kunkawabanikitsa. Ankapuma bwinoko akakhala pansi n'kuweramira kutsogolo atakumbatira maondo. Koma chimene chinkandiopsa ine linali khosi. Mtsempha wa m'mbali mwa khosi unkaima ngati chingwe cha khonje, kuchokera paphewa mpaka kunsi kwa khutu, ndipo akakoka mpweya unkafufuma kwambiri ngati muli kanthu kamoyo kofuna potulukira.

"Bambo a mwana, kapempheni kwa akapitawo akupatseni ntchito ya m'shedi," ndinawauza tsiku lina.

"Akamva kuti ndikudwala atichotsa m'nyumba muno," anatero. "Tilowera kuti ndi mwanayu? N'chimfine ichi, chitha."

Tsiku limene anagwa ndinali pafupi. Akazi tinkasankha fodya m'shedi, ndipo njira ya kumtunda inkadutsa pamaso pathu. Bwana anali ataimitsa machila kuti atukwane munthu wina amene anasiya udzu m'mizere, ndiye atagonamonso anakuwa kuti anyamule. Ponyamula machila munthu amakoka mpweya, n'kuugwira, n'kukankha ndi mimba yonse kuti nsungwi ifike paphewa. Ndinawaona amuna anga akuchita zimenezo monga mwa masiku onse. Nsungwi inafikadi paphewa. Kenaka maso awo anatembenuka, maondo anapinda, n'kugwa chafufumimba osatambasula ndi dzanja lomwe. Machila anapendekeka, Bwana anagubuduzika pa miyala ngati thumba la chimanga, mkono wake n'kuthyoka.

Palibe amene anaseka. Tonse tinadziwa chotsatira. Anawathira madzi amuna anga kuti atsitsimuke, chifukwa Bwana anati munthu wokomoka samva chikoti. Atatsegula maso, kapitawo anawamangirira ku mtengo wa bulugamu manja ali m'mwamba. Kapitawoyo tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi, ndipo mkazi wake ndiye anandichiritsa nditabereka, koma tsiku limenelo mwamuna wakeyo sanachepetse dzanja. Bwana anakhala pampando atanyamula mkono wothyokawo, akulamula kuti awonjezere m'Chinyanja chake chopotoka. Amuna anga sanalire. Mpweya wolirira analibe. Ankangoyasama ngati nsomba imene yaponyedwa kumtunda. Ndinadzuka kuti ndikagwade kwa Bwana, koma akazi anzanga anandigwetsa pansi n'kunditseka pakamwa, poopa kuti chikoti chingatembenukire kwa ine.

Dotolo anabwera masana omwewo kudzamanga mkono wa Bwana. Anali mzungu wochepa thupi, wa magalasi, wolankhula motsitsa mawu. Sanali wa mishoni kapena wa boma. Ankachiza azungu a minda, ndipo kuseri kwa nyumba yake, pakati pa Limbe ndi Blantyre, anali ndi kanyumba ka njerwa kogonekamo antchito awo. Ankayenda ndi mthandizi wake, bambo wa kwathu konkuno wovala jekete yoyera ndi nsapato, wodziwa Chingerezi, amene ankamunyamulira chikwama ndi kumumasulira.

Atamaliza za mkono, dotolo anadutsa pansi pa bulugamu paja, pomwe ndinkatsuka mabala a amuna anga. Anaima. Msana wong'ambikawo sanauyang'ane n'komwe. Maso ake anali pakhosi. Anagwada m'fumbi osasamala za buluku lake loyera, anagwira mkono wa amuna anga pafupi ndi chikhatho, n'kumayang'ana chifuwa chikukwera ndi kutsika. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenaka anamwetulira ngati munthu amene watola chinthu panjira, anaitana mthandizi uja kuti agwirenso, ndipo iye anabwerera m'nyumba kukalankhula ndi Bwana.

"Mayi, mwachita mwayi," anatero mthandiziyo. "Adotolo akuwatenga amuna anu kuchipatala kwawo."

Ndinagwada n'kuwomba m'manja. Ndinathokoza mokweza, anthu onse a m'shedi akumva. Anawanyamula m'machila omwewo a Bwana, anzawo akusenza osaimba.

Masiku oyamba ndinkakhulupirira kuti Mulungu watimvera. Ndinkapita m'mawa uliwonse mwana ali kumsana, n'kupeza amuna anga ali pabedi la chitsulo, ali ndi bulangete, mabala atapakidwa mankhwala, ndipo nthawi zina ankawapatsa ndi mkaka womwe. Msana unapola. Koma kutupa kunkakwera, kuchoka kumapazi kufika m'ntchafu ndi pamimba, ndipo pa zimenezo sankalandira kanthu. Dotolo ankabwera m'mawa ndi masana. Ankamvera m'chifuwa ndi timapaipi ta mphira toika m'makutu, kenaka ankamanga kamakina pamkono, kali ndi kansonga kamene kankakanda pepala lodetsedwa ndi mwaye. Kansongako kankajambula timapiri tondondozana, koma amuna anga akakoka mpweya timapirito tinkaphwa n'kusanduka mzere wogona. Dotolo ankanyamula pepalalo mosamala ndi manja awiri kupita nalo kunyumba kwake.

Mthandizi uja ankakonda kuti anthu adziwe zoti anaphunzira. Tsiku lina dotolo atachoka ndinamufunsa chimene mzunguyo ankafunafuna pamkono. Anatenga zala zanga n'kuziika pamkono wanga womwe, mpaka ndinamva kanthu kakugunda.

"Mvukuto wa osula makasu mumaudziwa?" anandifunsa. "Chifuwa ndi mvukuto. Mukakoka mpweya chimatambasuka, tsono sichikoka mpweya wokha ayi. Chimakokanso magazi a m'khosi, a m'mikono, a m'mimba, kuti abwerere ku mtima. N'chifukwa chake munthu wabwinobwino akakoka mpweya mtsempha wa pakhosi umaphwa. Ndiye mtimawo uli ngati nyumba ya zipinda ziwiri yogawidwa ndi mphasa. Chipinda cha kumanja chimalandira magazi obwerera kuchokera m'thupi n'kuwatumiza ku mapapo. Cha kumanzere chimalandira ochokera ku mapapo n'kuwakankhira m'thupi monse, ndiwo mukuwamva pansi pa chala chanuwo. Mukakoka mpweya, cha kumanja chimadzaza, mapapo nawo amayamba asunga magazi pang'ono, ndiye cha kumanzere chimalandira mochepa. Kugundako kumafookako, mukatulutsa mpweya kumabwerera mwakale. Kwa inu ndi ine n'zochepa, chala sichingazindikire. Tsopano gwirani apa."

Anasamutsira zala zanga pamkono wa amuna anga. Ndinamva kugunda kofulumira, kopepuka ngati ka mwanapiye. Amuna anga anakoka mpweya, pansi pa chala changa panangoti zii. Anatulutsa mpweya, kugunda kuja n'kubwerera. Anakokanso, zii. Ndinachotsa dzanja ngati ndagwira khala la moto.

"Mtima ukumaima?"

"Suima. Mukaika khutu pachifuwa muumva ukugunda. Koma mtima umakhala m'kathumba, ndipo kathumba ka amuna anu kadzaza madzi. Mtima wapanikizika, ulibe kotambasukira. Akakoka mpweya, chipinda cha kumanja chikafuna kudzaza, chimakankhira mphasa ija kumanzere. Kumanzere malo amatha, ndiye magazi ofika kumkono sapezeka. Amene alephera kulowa mu mtima amaunjikana pakhosi. Ndicho chingwe mukuchionacho."

"Nanga kugwa kuja?"

"Anagwira mpweya n'kukankha. Chifuwa chikafinya choncho magazi sabwerera ku mtima, mutu umatsala wopanda magazi. Ngakhale munthu wamphamvu amachita chizungulire, nanji uyu."

"Ndiye kuti sanachitire dala," ndinatero.

Mthandiziyo anangopukuta manja pa jekete yake n'kutuluka. Amuna anga anali atamva zonse. Anati, "Basi mayi a mwana, zinapita zimenezo."

Masabata anapita. Milomo yawo inayamba kuda, mawu ankatuluka oduladula, ndipo bedi analisiya, ankakhala pansi atatsamira mutu pa chitsulo chake. Chakudya chimene ndinkabweretsa ankangolawa. Tsiku lina ndinamupeza mthandizi uja akutsuka zitsulo zawo m'beseni kuseri kwa kanyumbako, ndipo pakati pa zitsulozo panali singano yaitali kuposa chala changa chapakati, yamphako. Ndinafunsa ntchito yake.

"Iyi ndi yochotsera madzi," anatero. "Amailowetsa kunsi kwa fupa la pachifuwa. Ndinaona akumuchita mzungu wina wa kunjanji amene ankabanika chimodzimodzi. Madzi atatuluka anadzuka n'kupempha tiyi."

Atatero anazindikira kuti walankhula zambiri, n'kuyamba kutsuka mwachangu.

"Nanga amuna anga sakuwachita bwanji?"

Anayang'ana kunyumba ya dotolo, kenaka anatsitsa mawu. "Akachotsa madzi, kugunda kuja sikuzimiranso. Adotolo akuti chiyambireni ntchito yawo sanaonepo zooneka bwino chotere. Aitana anzawo a ku Zomba. Akadzabwera ku phwando la azungu ku Blantyre adzadzera kuno. Akadzaona, adzawachotsa madziwo."

"Phwandolo ndi la liti?"

"Ine si mzungu, mayi. Sandiitana."

Ndinamudikira dotolo panjira ya pakati pa nyumba yake ndi kanyumba ka odwala. Atatulukira ndinagwada pa miyala, ndinagwira nsapato yake, ndinanena zonse zimene zinali m'kamwa mwanga. Sanakalipe. Anandidikira mpaka nditamaliza, anasisita mutu wa mwana wanga, anatulutsa kachibulumwa ka shuga m'thumba n'kumupatsa. Analankhula pang'ono, mthandizi n'kumasulira.

"Akuti musade nkhawa. Akuti amuna anu akudya bwino kuno kuposa kwanu."

Nditalowa m'kanyumba muja amuna anga anandikoka nsalu. "Nditengeni," anatero. "Ndikafere pakhomo panga."

Amuna anga anali ndi mkulu wawo amene ankasenza katundu pa sitesheni ya sitima ku Limbe. Ndinapita kukawauza alamu angawo, ndipo m'mawa mwake tinafika ndi anzawo awiri ndi mphasa yonyamulira. Tinapeza pachitseko pali loko. Kudzera pazenera ndinaona kuti nsalu ya amuna anga aichotsa, atsala ndi bulangete lokha. Mthandizi anaima pakhomo manja ali m'thumba.

"Munthuyu ndi wa Bwana wake, ndipo Bwana wake anamupereka kwa adotolo. Akachoka pano ndi wothawa ntchito. Abwera asilikali, ndipo woyamba kumangidwa ndi amene wamunyamula."

Anzawo a alamu anga anayang'anana n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Alamu anaima kanthawi akuyang'ana lokoyo, kenaka anatembenukira kwa ine. "Mlamu, ndamva kuti munamupereka nokha m'bale wanga, mukuwomba m'manja. N'zoona?"

"Ndinkayesa akukachira."

Alamu anapinda mphasa yawo n'kumapita.

Alendowo anabwera nyengo yotentha itayamba. Ndinafika ndi phala m'mawa n'kupeza pakhonde la dotolo aika mipando ya nsungwi ndi tebulo la tiyi. Panali azungu atatu achilendo, wina wachikulire wa ndevu zoyera, awiri achinyamata. Amuna anga anali atawasambitsa, atawameta, atawaveka nsalu yatsopano ya biriwita, n'kuwakhazika pampando pakati pa khonde. Dotolo atandiona anasangalala, anakodola ndi dzanja.

"Akuti mubwere," anatero mthandizi. "Akufuna ayambe aonetsa munthu wabwinobwino."

Anandilanda mwana n'kumukhazika pansi. Anandigoneka chotsamira pa benchi, mthandizi anatsitsa nsalu yanga mpaka pamwamba pa mabere, dotolo anagwira chibwano changa n'kupotolera nkhope yanga kumbali. Kumbaliko n'kumene kunali amuna anga. Tinayang'anana.

"Kokani mpweya. Tulutsani. Kokaninso."

Zala zozizira zinayenda pakhosi panga, za uyu, kenaka za uyo. Ankanunkha fodya wa kaliwo ndi sopo. Mmodzi wa achinyamata aja ananena kanthu anzake n'kuseka, ndipo dzanja lake linatsikira kumene kunalibe mtsempha uliwonse woti aone. Amuna anga anayesa kudzuka, koma mikono inakana. Anangotseka maso. Chikwatirane sanandigwirepo ndi dzanja lomwe pamaso pa anthu.

Atathana nane anasamukira kwa amuna anga. Uyu anagwira mkono wamanja, uyo wamanzere, wachikulire uja anaika timapaipi pachifuwa. "Kokani. Kwambiri. Gwirani pomwepo. Tulutsani." Kugunda kukazimirira, ogwira mikono aja ankadzutsa mitu n'kufuula mokondwa, wachikulire n'kumagwedeza mutu kuti mtima akuumvabe. Anasinthana malo. Anamanga kamakina kaja, anaonetsana pepala la mwaye. Anawagoneka chagada kuti aone mtsempha ukufufuma, amuna anga akupalasa ndi miyendo pofuna kudzuka, mthandizi atawapanikiza mapewa. Anawakhazikanso. Wantchito wa m'nyumba anabweretsa tiyi wina, azungu anamwa ataimirira, amuna anga ali wefuwefu, thukuta likuyenderera pa nsalu yatsopanoyo.

Ndinati mwina atha, singano ibwera. Koma dotolo anali atasunga china. Anawafotokozera anzake za machila, ndinadziwa chifukwa anawerama n'kuchita ngati akusenza, onse n'kuseka. Kenaka anatuma mthandizi kukatenga nsungwi imene anali atamangirira matumba awiri a mchenga.

"Akuti munyamule monga munachitira tsiku lija."

"Auzeni sindingathe," anatero amuna anga. Mawu ankatuluka limodzilimodzi.

"Akuti mukanyamula kamodzi kokha akuchotsani madzi lero lomwe."

Amuna anga anandiyang'ana. Ine ndinapukusa mutu kuti ayi. Koma munthu amene wabanika miyezi, ukamuuza kuti mpweya uli kuseri kwa nsungwi iyo, anyamula. Anawaimiritsa. Anagwira nsungwi, anakoka mpweya umene akanatha, anaugwira, anakankha. Azungu awiri anali atagwira kale pakhosi ndi pamkono. Nsungwi sinafike ndi m'chiuno momwe. Anagwa, mutu n'kumenya njerwa za khonde.

Anawathira madzi. Patapita kanthawi anatsegula maso. Wachikulire wa ndevu uja ananena kanthu mokhala ngati akuletsa, koma mmodzi wa achinyamata anadandaula, akuloza chala chake, ndipo mthandizi anandinong'oneza kuti akuti dzanja lake linaterereka, sanamve bwino. Dotolo anaseka n'kukweza chala chimodzi. Kamodzi kenanso.

Apo ndinakuwa. Ndinalumphira nsungwiyo n'kuigonera. Mwana naye anayamba kulira. Dotolo anaitana mlonda ndi wa m'dimba, anandikoka miyendo kunditsitsa pamasitepe, anandikhwekhwereza mpaka kunja kwa mpanda n'kutseka chipata, mwana anachita kundiponyera pamwamba pa mpandawo. Mpanda wake unali wa mitengo yobzala, ndipo ndinapeza mpata woonera. Ndinawaona akuwaimiritsa, mthandizi atawagwira m'khwapa. Ndinawaona akugwira nsungwi. Ulendo uno atagwa, madzi sanathandize. Dotolo anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi singano ija, anaibaya pomwepo pakhonde, madzi achikasu anatuluka ambirimbiri mpaka kudzaza mbale. Alendo aja anaunjikana kuyang'ana m'mbalemo. Amuna anga anali atapita kale.

Mtembo sanatipatse tsiku limenelo. Anati tibwere mawa. M'mawa mwake alamu anga ndi anthu a ku sitesheni anaupeza uli kuseri kwa kanyumba kaja, atakulunga m'bulangete n'kumanga ndi zingwe. Bwana anakana kuti maliro achitikire pa malo ake, ati fodya ali m'shedi ndipo anthu angasiye ntchito, ndiye tinapita nawo kwa alamu ku Limbe. Apongozi anga anafika kuchokera kumudzi tsiku lomwelo.

Adzukulu atalowa kukasambitsa mtembo sanachedwe. Anatuluka n'kuitana alamu pambali. Alamu analowa, ndipo atatuluka anabwera molunjika pomwe ndinakhala pakati pa amayi, n'kundigwira dzanja kundilowetsa, chinthu chosachitika.

"Onani ntchito yanu."

Kuchokera pakhosi mpaka pamchombo panali msoko wa ulusi wakuda, wosokedwa mothamanga ngati thumba la fodya. Chifuwa chinali chitaphwa. Mdzukulu wina anadina pakati ndipo munamveka kuphwanyika kwa udzu wouma.

Ndinathamanga ulendo wonse mpaka kwa dotolo. Mlonda anandikaniza pachipata, koma mthandizi anatuluka. Sanandiyang'ane kumaso.

"Mtima wa amuna anga uli kuti?"

"Uli m'botolo la mankhwala. Upita ndi alendo aja."

"Ndipatseni tikaike pamodzi ndi mwini wake."

"Mayi, pitani. Akakuonani aitana asilikali. Komanso akuti bulangete lija mubweze."

Nditabwerera ndinapeza nkhani yafika kale patsogolo panga. Anthu ankati ndinapangana ndi azungu. Ankati ndinkapita tsiku ndi tsiku kukaonetsetsa kuti munthu asathawe, kuti mwana wanga ankadyetsedwa shuga, kuti ndinavulira azungu pakhonde mwamuna wanga akuona. Wa m'dimba uja ndiye anafalitsa zomalizazi. Apongozi anga, amene kale ankanditcha mwana wawo, anadzuka pa mphasa n'kundilavulira kumaso.

"Wadya mtima wa mwana wanga," anatero. "Usaponde kumanda."

Sindinapite. Ndinamva nyimbo zikutalikira ndili kuseri kwa nyumba. Sanandimete, ndipo ngakhale patapita chaka sanandisudzule. Alamu anati munthu woikidwa wopanda mtima alibe mkazi wamasiye woti n'kumasulidwa. Nditabwerera ku Mpingwe ndinapeza kapitawo walowetsa kale banja lina m'nyumba yathu, katundu wanga ali panja, mbuzi zikunyambita mtondo.

Ndinasamukira cha ku Naperi, kumene mayi wina wachimwenye anandilemba ntchito yochapa zovala kumtsinje. Sankamva bwino Chinyanja, ndiye mbiri yanga sinamufike, kapena inamufika koma sanasamale. Kwa anthu akwathu inafika. Pachitsime akazi ankasuntha mitsuko yawo ndikafika. Mwana akadwala m'dera lathu, mayi ake ankamubisa ndikamadutsa. Ku tchalitchi ndinkakhala pa benchi ndekha ngakhale ena ataimirira kumbuyo.

Mwana wanga anakula osadziwa kanthu mpaka atafika msinkhu wotunga madzi yekha. Tsiku lina anabwera ndi ndowa yopanda kanthu, mlomo utatupa. Anali atamenyana ndi mtsikana wina amene anamuuza kuti amayi ake anagulitsa abambo ake. Anandifunsa ngati n'zoona. Ndinasiya kusita, ndinamukhazika pansi, ndinamufotokozera zonse monga ndalembera pano, osachotsapo za pabenchi ya pakhonde la dotolo. Anamvetsera osalira. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

"Ababa ankamva kuwawa?"

"Inde," ndinatero. "Ankamva kwambiri."

Anakanda pansi ndi chala. Kenaka anati madzi m'nyumba mulibe, ndipo anafunsa ngati angapite kukatunga kumtunda kwa mtsinje, kumene kunali kutali koma kunalibe anthu. Ndinamulola.